Masamba Makumi Atatu Omatirira

Msuweni wanga anamupeza atafa Lachiwiri masana kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi thanki ya madzi, ndipo pofika Lachitatu m'mawa mlongo wanga anali m'chitokosi. Sipanala ya mlongo wangayo apolisi anaitola pomwepo, ili ndi magazi.

Ine ntchito yanga ndi yosoka mabuku. Ndili ndi kachipinda kumapeto kwa msewu wa masitolo, komwe anthu amandibweretsera mabuku a sukulu othothoka ndi a nyimbo ong'ambika, ine n'kuwasoka, kuwamata ndi kuwaveka chikuto chatsopano. Pashelefu ya kumbuyo ndimasungapo mabuku anga a nkhani zophana, akalekale aja, momwe munthu wolemera amafera m'chipinda chokhoma ndipo aliyense m'nyumbamo ali ndi chifukwa chomufunira imfa. Ndawerenga osawerengeka. Ndinkadzitama kuti wakupha ndimamugwira buku lisanafike pakati. Koma tsiku limenelo, nditakhala pa benchi ya kupolisi, m'mutu munalibe kanthu.

Apolisi anandipatsa mphindi zisanu. Mlongo wangayo ndi pulambala, munthu wa manja abwino, kungoti iye ndi botolo salekana. Ndinamupeza atakhala pansi, wopanda nsapato, milomo itauma.

"Achemwali, sindinawakhudze," anatero asanandipatse n'komwe moni.

"Unapitako nthawi yanji?"

"Cha m'ma leveni. Paipi ya thanki inkadontha. Asuweni atamva fungo anayamba kundikalipira, ati pakhomo pawo si pa bala. Inenso ndinayankha zachabe."

"Zachabe zake ziti?"

Anagwetsa nkhope. "Ndinati mundiona."

"Kenako?"

"Ndinasiya zida pomwepo n'kumapita. Wani koloko isanakwane ndinali nditagona kwanga."

"Anakuona ndani ukugona?"

"Palibe, achemwali. Ndimakhala ndi ndani ine?"

Ndinafuna kumumenya khofi, ndinafunanso kumukumbatira. Wapolisi anagogoda chitseko ndi kiyi ndisanachite chilichonse mwa ziwirizo.

Wofufuza mlanduwo anali sajeni wamkazi, wamtali, wa mawu ochepa. Ankalankhula akulemba, osandiyang'ana.

"Mayi, nkhaniyi ndi yoongoka. Dokotala akuti anafa pakati pa thuu ndi folo koloko. Pakhomopo panali anthu awiri, bambo ake osaona aja ndi mwamuna wake. Mwamunayo amawawerengera buku apongozi akewo tsiku lililonse, thuu mpaka folo. Mkuluyo watsimikiza kuti Lachiwiri mkamwiniyo anawerenga osadzuka. Bukulo ndaliona. Anandionetsa pomwe anayambira ndi pomwe analekezera, chaputala teni mpaka kumapeto kwa thwelofu. Atatseka buku anatuluka, n'kumupeza mkazi wake."

"Ndiye mlongo wanga?"

"Anakangana naye, anamuopseza, sipanala ndi yake, ndipo palibe amene anamuona kwina. Lachitatu likubwerali apita kukhoti, kuchoka kumeneko ndi kundende yaikulu." Apa m'pomwe anadzutsa mutu. "Mukanakhala ine mukanagwira ndani?"

Ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka.

Maliro tinaika Lachisanu. Anthu atabalalika, Lolemba m'mawa ndinayamba ndapita kwa mayi wa saluni, amene mpanda wake ndi umodzi ndi wa amalume, bambo a malemu. Ameneyo sudikira kumufunsa.

"Ine ndinamva zonse, mnzanga, zonse. M'mawa uja mlongo wakoyo anatukwana mpaka kasitomala wanga anadzutsa mutu m'beseni, shampu ili m'maso. Ndinawauza apolisi, ndibisirenji? Komatu ineyo sindikhulupirira. Munthu uja akaledzera amalira, samenya."

"Nanga masana munamva chiyani?"

"Masana? Dulaya inali ikulira, wailesinso ili pamwamba. Kaya." Anaima akupesa wigi. "Koma ukudziwa, masiku onse alamu akowo akamawerenga timawamva. Windo lawo lili apa pomwe. Amasintha mawu, pena ngati mkazi, pena ngati nkhalamba, atsikana anga amafa nako kuseka. Lachiwiri sitinaseke. Mwina dulaya, mwina windo anatseka, sindingalumbire."

"Apolisi munawauza zimenezo?"

"Ndiwauze kuti sindinaseke? Angandione bwanji?" Anasuzumira kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Dzulo lake malemu anabwera kudzaluka. Ali pampando apa anandiuza kuti sabata ino wina atuluka m'nyumba muja ndi chikwama chake pamutu. Anali atamva kuti mwamuna wake ali ndi mwana wa kumbali, wa zaka zitatu. Nyumba ija ndi ya bambo ake, mwamunayo anangobwera ndi masuti. Koma iwe, usanditchule. Munthu uja ndimakumana naye pageti tsiku lililonse."

Amalume anga anthu amawatcha aMawotchi, chifukwa anakonza mawotchi zaka makumi anayi mpaka matenda a shuga anawalanda maso. Ndiwo anandiphunzitsa kukonda mabuku amenewa. Ndili mtsikana tinkawerenga limodzi kuseri kwa kauntala, ndipo chaputala chilichonse chikatha ankatseka buku n'kundiloza ndi kasikuludiraiva. "Wapha ndani? Nena pompano, usadikire wolemba akutafunire." Ndikalakwitsa ankandiseka sabata yonse. Atasiya kuona, mabuku ndinkawabwereka ndine, wowerenga n'kukhala mkamwini wawo, amene amagwira ntchito m'mawa wokha pa sitolo ya mankhwala.

Nditafika kwa amalume, alamuwo ndi amene ananditsegulira. Anali atavala malaya oyera ositidwa bwino, maso ali ofiira. Anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mwachita bwino kubwera, alamu. Ababa sakudya."

Amalume anali pampando wawo wa pawindo. Sabata imodzi yokha anali atachepa, jekete likulendewera m'mapewa. Alamu anabweretsa tiyi, n'kukhala pafupi nawo, bondo kukhudza bondo.

"Amalume, ndafuna ndimve kwa inu," ndinatero. "Lachiwiri lija zinayenda bwanji?"

"Anayamba kuwerenga thuu koloko. Anamaliza folo koloko. Sanadzuke."

"Simunamve kanthu kuseriko?"

"Anayamba thuu koloko, anamaliza folo koloko. Sanadzuke."

Munthu amene amatha ola lathunthu akufotokoza mmene anagulira lamba anandiyankha ngati mwana woloweza pamtima. Tsitsi linandiyenda. Ndinayesa njira ina.

"Nanga bukulo mwafika pati? Wakupha mwamugwira?"

"Alamu, nthawi ino si ya mabuku," anadula alamu mofatsa. "Ababa atopa."

Amalume anapapasa patebulo. Zala zawo zinalipeza bukulo, la chikuto chobiriwira, limene ndinawabwereka mwezi wathawo. Analinyamula, n'kulilozetsa komwe kunkachokera mawu anga.

"Iwe mphwanga, buku ili unasoka ndi mapazi? Litenge ukakonze."

"Lili bwinobwino, ababa," anatero alamu.

"Chikuto chikugwedera. Maso ndilibe koma zala ndili nazo. Tenga."

Polandira, anandigwira pamkono n'kufinya mpaka zikhadabo zinalowa. Dzanja lawo linali lozizira. Alamu ankayang'ana bukulo, kenako ine, kenako bukulo. Anandiperekeza mpaka pageti.

Nditafika kukachipinda kanga ndinaliika pa tebulo n'kuligwedeza. Chikuto chinali cholimba. Ulusi unali wabwino. Kapepala kosungira malo kanali pa chaputala satini, monga ananenera sajeni.

Bukulo ndimalidziwa ngati m'thumba mwanga, ndaliwerenga kanayi. Nyumba yaikulu yazingidwa ndi madzi osefukira, mlatho wakokoloka, mwininyumba wapezeka atafa m'chipinda chokhoma mkati, ndipo alendo asanu ndi awiri akudya patebulo limodzi akuyang'anana. Ndinabwerera m'mbuyo kufuna chaputala teni. Ndinachipeza. Ndinatembenuza tsamba limodzi, lachiwiri, ndipo lachitatu linabwera lolemera, n'kugwa ndi anzake onse pamodzi. Patsogolo panga panalinso chaputala satini.

Ndinakhala pansi.

Mlandu wake unali wanga. Tsiku limene ndinkamata msana wa bukulo, mphunzitsi wina anandiimirira pamutu kufuna mabuku ake, ine n'kugunda botolo la guluu ndi chigongono. Guluu anayenderera m'mphepete mwa masamba. Ndinapukuta ndi nsalu, ndinati ndidzawadula mawa akauma, ndipo mawalo silinafike. Ntchito yochititsa manyazi, yoti wophunzira akaichita umamubweza kwawo. Masamba makumi atatu anali atamatirirana kuyambira pamwamba mpaka pansi, olimba ngati katoni. Palibe munthu amene anawatsegulapo chichokereni m'manja mwanga.

Munthu wothamanga, wofuna kungosuntha kapepala, sakanazindikira. Buku lotero limatseguka lokha pomwe zomatirirazo zathera, ndipo pomwepo panali mutu wa chaputala chatsopano, malo abwino olekezera. Koma munthu wosaona, wokhala yekha ndi buku m'manja sabata yathunthu, zala zake zinapeza.

Maola awiri aja alamu sanawerenge. Ndipo amalume ankadziwa.

Wofufuza wa m'mabuku akanatenga foni n'kujambula. Akanalikulunga bukulo n'kuthamangira kupolisi. Ine ndinangokhala, pakamwa pali yasa, ndikuyang'ana guluu wanga. Ndinadzidzimuka kuwala kwa pakhomo kutatsekeka.

"Odi, alamu."

Alamu analowa, n'kutseka chitseko. Chitseko chimenecho sinditseka masana, chifukwa mulibe windo lina koma kagalasi ka pamwamba. Chikwama changa, momwe munali foni, chinali pamsomali kuseri kwa msana wake.

"Ndimadutsa," anatero. "Ndinati ndione ngati mwamaliza. Ababa akulifuna madzulo ano."

"Sindinayambe. Guluu amafuna tsiku lonse kuti aume. Mudzatenge mawa."

"Chikuto chake chatani?"

"Chikugwedera pang'ono."

Anatambasula dzanja. Ndikanatha kukana, koma tebulo langa ndi lopapatiza ndipo iye ndi wamtali. Analitenga, anagwedeza chikuto, chikuto osagwedera. Anayamba kupeta masamba ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kuchokera koyamba. Kunja wina ankakhoma chitsulo. Ndinamva chala chikufika pomatirira paja, n'kuima.

"Ooo," anatero.

Sanakwiye, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa koposa. Anakoka mpando wa makasitomala n'kukhala. Anayang'ana zida zanga zonse, singano zazikulu, ulusi, sizasi, n'kusankha mpeni wanga wodulira mapepala. Anauyesa pachikhadabo.

"Ntchito yanu yatsika, alamu. Kale simunkatero."

Analowetsa mpeniwo pakati pa masamba n'kukoka. Tsamba loyamba linamasuka. Anachita lachiwiri, lachitatu, mosamala, lilime lili pakati pa mano. Ndinkamva kulira kwa pepala lililonse. Ndinayang'ana chitseko, masitepe anayi okha, koma miyendo yake inali itatambasuka panjira.

"Ndikukumbukira tsopano," anatero akudula. "Lachiwiri lija ndinavutika nawo masambawa. Ndinkadula ndi mpeni wa buledi, ndikuwerenga. Onani m'mphepetemu mmene munakhalira. Ndinaiwala kuwauza apolisi, kanthu kakang'ono kotere."

"Mlongo wanga sanalakwe," ndinatero.

"Khoti lidzaona." Anauzira tinyenyeswa ta guluu patebulo. "Ine nkhawa yanga ndi ababa. Mwawaona mmene afookera. Jakisoni wawo wa shuga ndimabaya ndine, folo koloko iliyonse. Mankhwala aja ndi ovuta, alamu. Dzanja likangonjenjemera, muyeso umapitirira. Ndiye masiku ano anthu akamandisokoneza maganizo, manja angawa sakukhazikika." Anawatambasula kuti ndione. Anali phee. "Nkhalamba yoti yangoika kumene mwana wake, ikagona osadzuka, adabwe ndani?"

Anabwezera mpeni pamalo pake, chogwirira chikuloza kwa ine. Analiika bukulo m'khwapa, anatsegula chitseko, n'kundifunira tsiku labwino.

Ndinatsala ndekha. Umboni wanga unali utatha, ndipo anauthetsa ndi mpeni wanga womwe. Ndikakhala chete, mlongo wanga akaolera kundende. Ndikalankhula, folo koloko inali pafupi. Ndinatsuka kumaso, ndipo madzi ali m'manja funso linandibwerera: bukulo walitengeranji? Masamba wadula kale. Akanalisiya kwa ine, palibe chimene ndikanachita nalo.

Ndinakhoma kachipinda n'kuthamanga.

Sajeni ndinamupeza akudya patebulo lake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kupukuta manja.

"Ndiye mwandibweretsera buku lomwe mulibe, la masamba omata omwe sali omata."

"Ee."

"Ndi chiopsezo chomwe munamva nokha."

"Ee. Koma tamverani. Amalume anga buku likawalowa m'khutu silituluka. Angakuuzeni mtundu wa makatani a m'chaputala choyamba. Alamu akudziwa zimenezo. Akudziwanso kuti mukadzawafunsa zomwe zili m'machaputala atatu aja, amalume sadzayankha, chifukwa sanazimvepo. Ndiye ayenera kuwawerengera lero, msanga, inu musanafunse. N'chifukwa chake walitenga."

"Mwina."

"Thuu koloko ndi nthawi yawo. Tiyeni mukangoima pansi pa windo. Mukamva chaputala satini, ndibwezeni ndipo simudzandionanso. Mukamva teni, mudzifunse kuti munthu amawerengeranji lero zomwe analumbira kuti anawerenga sabata yatha."

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala pang'ono kukwana thuu.

"Mayi, mumawerenga mabuku ambiri," anatero. Koma anatenga chipewa, n'kuitana wapolisi wina wamwamuna.

Tinalowera kwa mayi wa saluni. Anatiyang'ana, anayang'ana yunifolomu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sananene kanthu, anangozimitsa dulaya ndi wailesi. Kumpanda kuli malo pomwe thabwa linachoka. Tinapyola pamenepo n'kutsamira khoma, windo lili pamwamba pa mitu yathu. Linali lotseka, koma galasi limodzi ndi losweka pakona.

Alamu ankawerenga. Sanali kusintha mawu, panalibe mkazi kapena nkhalamba. Ankathamanga ngati wolengeza za basi, mawu akugundana.

"Ndi teni," ndinanong'ona.

"Ndidziwa bwanji?"

"Pompano dokotala apempha madzi akumwa. Wantchito akatuluka, dokotalayo apisa dzanja mumphika wa maluwa n'kutulutsa kiyi."

Tinadikira. Dokotala anapempha madzi. Wantchito anatuluka. Kiyi anatuluka mumphika wa maluwa.

Kenako kuwerenga kunaima, ndipo tinamva mawu a alamu, otsika.

"Mwamva, ababa? Kiyi anali kuti?"

"Mumphika wa maluwa."

"Anamupeza ndani?"

"Dokotala."

"Mukumbukire bwino. Zimenezi munazimva liti?"

"Lachiwiri."

Sajeni sanandiyang'ane. Anangozungulira nyumba n'kukankha chitseko cha kutsogolo osagogoda, ife tikumutsatira.

Alamu anaimirira, buku lili m'manja, chala chili pakati pa masamba. Anandiona kumbuyo kwa apolisiwo ndipo nkhope yake sinasinthe. Anasuntha pang'ono n'kuima kuseri kwa mpando wa amalume, dzanja lina n'kuliika paphewa pawo. Patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi, panali kabokosi ka jakisoni, kotsegula kale.

"Takulandirani, a sajeni. Tikungobwereza pang'ono. Ndi zovutazi ababa aiwala pomwe tinali."

"Perekani bukulo," anatero sajeni. Analitsegula pomwe panali chala, anawerenga mutu wa chaputala, n'kundipatsa. Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi amalume. "Bambo, ine mabuku sindiwerenga. Tandifotokozerani nkhaniyi kuyambira poyamba."

"Ababa atopa," anatero alamu.

"Ndikufunsa iwowa."

Amalume ananyambita milomo. Anayamba motsika, akukakamira. Anatchula mvula ya masiku atatu, mlatho, alendo mmodzimmodzi ndi malo amene aliyense anakhala patebulo. Pofika chaputala chachinayi mawu anali atakwera. Anafotokoza za mkazi wamasiye amene analira mtembo asanauone, za mphwake wa malemu amene nsapato zake zinali zouma pomwe ankati anali panja, za wotchi ya pakhonde imene wina anaibweza ndi mphindi makumi awiri. Apo anafika pomwetulira.

"Wolembayu mawotchi sawadziwa," anatero. "Wotchi yamtundu umenewo ukaibweza m'mbuyo imasokoneza belu lake. Koma nkhani amaitha, ameneyo ndimuvulira chipewa. Ine ndinkakayikira dokotala kuyambira pachiyambi, munthu waulemu wopitirira muyeso."

Anafika kumapeto kwa chaputala naini, magetsi atazima ndipo wina akukuwa pamasitepe. Anatchula za kiyi wa mumphika wa maluwa. Ndipo anaima.

"Kenako?" anafunsa sajeni.

Amalume anaweramitsa mutu.

"Munamva machaputala atatu Lachiwiri, maola awiri athunthu. Kiyi atapezeka chinachitika n'chiyani?"

Ndinaona zala za alamu zikumira m'jekete la amalume. Amalume anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Thukuta linkatsika m'mbali mwa khutu.

"Ndaiwala," ananong'ona.

"Mwamva," anatero alamu. "Ndi nkhalamba yodwala, ili pachisoni. Mukuizunza."

Ndinagwada patsogolo pawo n'kuwagwira mawondo. Ndi dzanja lina ndinatola kabokosi kaja patebulo.

"Amalume, ndine. Kabokosi ka jakisoni ndakatenga, kali m'manja mwangamu, tamverani." Ndinakagwedeza kuti amve. "Lero mukagona kwanga. Wobaya tikamupeza kuchipatala. M'nyumba muno simukhalanso ndi munthu ameneyu, ngakhale ola limodzi. Koma mlongo wanga mkuja akupita kundende, ndipo sakatulukako. Munamulera nokha mwana uja."

Maso awo oyera anali pakhoma. Kenako anakweza dzanja, anapeza zala za mkamwini wawo paphewa, n'kuzichotsa chimodzichimodzi.

"Sanawerenge," anatero. "Anatsegula buku, anawerenga masamba awiri, mwana wanga n'kumuitana kuseri. Anati chikwama chako ndalongedza, bwera udzatenge. Anatuluka. Ndinamva akukangana. Ndinamva chitsulo chikukokedwa pasimenti. Kenako ndinamva kawiri." Anapukuta thukuta. "Anabwera patapita nthawi, akununkha sopo. Anakhala apa n'kundiuza zoti ndidzanene. Anati ndikasintha liwu limodzi, jakisoni wa tsiku limenelo adzakhala womaliza."

Alamu anaseka pang'ono. "Munthu wosaona, a sajeni. Akuti anamva."

"Tikakambirana kuofesi," anatero sajeni. Wapolisi uja anali atafika kale kumbuyo kwake.

Alamu sanalimbane. Anapempha kuti avale jekete, anamulola. Podutsa pafupi nane anaima, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mpaka wapolisi anamukankha. Ndakhala ndikuwaona maso amenewo kulikonse kumene ndatembenukira. Sajeni anatsalira pakhomo.

"Mlongo wanuyo mubwere mudzamutenge mawa m'mawa, pali mapepala. Mumubweretsere nsapato." Anavala chipewa. "Mkuluyu ndidzamufuna alembetse zonse."

Galimoto itapita, nyumba inangoti zii. Ndinalowa kuchipinda kwa amalume n'kulonga malaya, mabulangete ndi mankhwala m'chikwama. Nditabwerera ndinawapeza ali pomwe paja, manja ali pamawondo, misozi ikutsika osaipukuta. Ndinawaveka chipewa n'kuwagwira mkono kuti adzuke, koma sanadzuke.

"Anandiitana, mphwanga," anatero. "Izi sajeni sindinamuuze. Asanamumenye kachiwiri, mwana wanga anaitana. Sanaitane anansi, sanaitane Mulungu. Anati ababa."

"Mukanatani, amalume? Simuona. Komanso munthuyo anakukhomerani."

Ndinanena zimenezo pofuna kuwatonthoza, chifukwa ndinkaganiza kuti ndi mmene zinalili. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Sanakhome. Chitseko chinali chotsegula, mphepo inkandiomba kumaso. Njira ya kuthanki ndimaidziwa, ndimapitako ndekha tsiku lililonse. Ndinagwira mpandowu ndi manja awiri, ndipo ndinakhala."